Apilo siimitsa mabelifi: mmene chigamulo cha mlandu wa malo a makolo chimaimitsidwira

Chaka chilichonse mitambo ikayamba kusonkhana cha mu Okutobala, milandu ya minda imene inagona chilimwe chonse imadzuka. Amene anapambana kukhoti amafuna kulowa m'munda mvula yoyamba isanagwe, pomwe wogonja naye anagula kale mbewu ndi fetereza. Nthawi imeneyi ndi pamene amamveka mawu amene agwetsa mabanja ambiri m'mavuto kuno ku Chipata, ku Katete, ku Petauke mpaka ku Lundazi: "Ife tinachita apilo, palibe angatichotse." Ena akamva kuti khoti laimitsa chigamulo amayamba nthungululu, ati munda wabwerera kwa eni ake. Onsewa sanamvetse, ndipo kusamvetsa kumeneku kumagwetsetsa nyumba ndi kumangitsa anthu.

Chimene chimaimitsidwa n'chiyani

Khoti likagamula kuti munda ndi wa banja lakuti, ndipo enawo atuluke, chigamulocho chimakhala mawu a papepala mpaka wina atachigwiritsa ntchito. Wogonja akakana kutuluka mwaufulu, wopambana amabwerera kukhoti kukatenga chikalata cholamula kuti apatsidwe malowo, chimene maloya amati writ of possession. Chikalatachi chimapita ku ofesi ya Sheriff, ndipo antchito a ofesiyo, mabelifi, ndi amene amabwera pamalopo, nthawi zambiri ali ndi apolisi, kudzatulutsa anthu ndi katundu wawo. Ngati pachigamulo palinso ndalama, monga chipukuta misozi kapena zolipira za mlandu, pali chikalata china chowapatsa mphamvu yolanda ng'ombe, ngolo, njinga kapena matumba a chimanga n'kugulitsa.

Lamulo loimitsa, limene pa Chingerezi amati stay of execution ndipo ambiri amangoti sitei, limagwira dzanja la mabelifi lisanatambasuke. Basi. Silifafaniza chigamulo, silinena kuti woweruza woyamba analakwa, ndipo silipereka munda kwa aliyense. Zili ngati ng'ombe imene anthu awiri akulimbirana: akuluakulu amati ikhale kaye m'khola, isaphedwe, isagulitsidwe kwa mabutchala, mpaka mlandu utatha. Kusungidwa kwa ng'ombeyo sikusonyeza mwini wake. Kukungoteteza kuti wopambana pomaliza asadzapatsidwe chikopa.

Apilo payokha siteteza

Malamulo a makhoti a ku Zambia amanena poyera kuti kuchita apilo sikuimitsa chigamulo, pokhapokha khoti litalamula choncho. Khoti la Supreme, lomaliza pa apilo za milandu yotere, linatsindika zimenezi mu 1999 pa mlandu wa Mulenga ndi banki ya Investrust, kuti n'kutaya nthawi kupempha sitei ngati chifukwa chako ndi chakuti wachita apilo basi. Mu 2004, pa mlandu wa Nyampala Safaris ndi Zambia Wildlife Authority, linanenanso kuti sitei imaperekedwa pokhapokha pali zifukwa zabwino ndi zokhutiritsa, popeza wopambana sayenera kumanidwa zipatso za chigamulo chake popanda chifukwa.

Ena amaona ngati lamuloli ndi nkhanza kwa wogonja, koma taganizirani mbali inayo. Mayi wamasiye amene alamu ake anamulanda munda, wayenda zaka zitatu kukhoti, wagulitsa mbuzi kuti apeze ya basi, ndipo wapambana. Apilo ikanakhala kuti imaimitsa chigamulo yokha, alamuwo akanangolemba pepala limodzi n'kupitiriza kukolola zaka zina zitatu. N'chifukwa chake pempho la apilo ndi pempho la sitei ndi zinthu ziwiri, mapepala ake ndi osiyana, ndipo lachiwiri limafuna umboni wakewake.

Chigamulo chanu chachokera kuti?

Njira yoimitsira imadalira kumene mlandu unaweruzidwa. Milandu yambiri ya minda imayambira kwa mfumu ya mudzi, n'kukwera kwa nduna ndi kubwalo la mfumu yaikulu. Malamulo oyendetsera dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amalimbikitsa kuthetsa mikangano mwamwambo, ndipo mawu a mfumu pa nkhani ya malo amalemera kwambiri ngakhale pamaso pa woweruza. Komabe bwalo la mfumu silili m'gulu la makhoti a boma. Chigamulo chake sichipita kwa Sheriff, ndipo kapaso, mthenga wa mfumu, si belifi. Choncho amene sanakhutire ndi chiweruzo cha kubwalo sapempha sitei. Amatsegula mlandu kukhoti, ndipo ngati akuopa kuthamangitsidwa mlanduwo usanamveke, amapempha chiletso, chimene chimatchedwa injakishoni. Kusiyana kwake n'kotere: injakishoni imaletsa munthu kuchita kanthu, monga kudula mitengo kapena kugulitsa malo, pomwe sitei imaimitsa ntchito ya chigamulo chimene khoti lapereka kale.

Pa makhoti a boma, wotsikitsitsa ndi Local Court, amene anthu amati lokolo khoti. Limaweruza motsata mwambo, ndipo maloya saloledwa kuimira anthu kumeneko pa milandu yotere. Wosakhutira ali ndi masiku 30 ochita apilo kwa majisitireti, amene amamvanso mlandu wonse mwatsopano. Kuchoka kwa majisitireti apilo imapita ku High Court, imene ili ndi ofesi yake kuno ku Chipata. Kuchoka ku High Court imapita ku Court of Appeal, khoti limene linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo kumeneko nakonso masiku ndi 30. Palinso Lands Tribunal, bwalo la milandu ya malo lokhala ku Lusaka, limene lamulo la 2010 linalipatsa mphamvu yomva ngakhale mikangano ya malo a makolo.

Pempho la sitei limayambira ku khoti limene lapereka chigamulo. Ambiri amadabwa: woweruza yemweyo amene wandigonjetsa angavomere bwanji? Amavomera ndithu akaona kuti pali mfundo yoyenera kuti akulu ake aione. Akakana, pempho limapitanso ku khoti la apilo, ndipo ku Court of Appeal limayamba kumvedwa ndi jaji mmodzi. Kulumpha khoti loyamba popanda chifukwa kumachititsa kuti pempho libwezedwe, masiku n'kumapita.

Zimene woweruza amayang'ana

Sitei si ufulu wa munthu, woweruza amaipereka ataona yekha kuti n'koyenera. Funso lake loyamba ndi lakuti: kodi apiloyi ili ndi mwayi weniweni? Saweruza apiloyo, amangosuzumira. Apa ndi pamene mapempho ambiri amafera, chifukwa wopempha amangolemba kuti "sindinakhutire" kapena "woweruza anakondera". Chofunika ndi kuloza pamene palakwika. Mwachitsanzo, khoti latsata mwambo wa Angoni wolowa malo kudzera kwa bambo, pamene munda uli m'mudzi wa Achewa kumene malo amayenda ndi mbumba ya kwa mayi. Kapena lagawa mundawo motsata lamulo la chuma cha masiye la 1989, pamene lamulolo limanena lokha kuti silikhudza malo a makolo. Kapena mfumu ya mudzi imene inagawa malowo inalipo koma sinaloledwe kupereka umboni. Kapenanso majisitireti waweruza za umwini wa malo mbali imodzi isanavomereze, pamene lamulo la makhoti a majisitireti limati umwini ukakhala pa mkangano ndipo onse sanavomere, mlandu upite ku High Court. Mfundo zotere jaji amaziona msanga.

Funso lachiwiri ndi lakuti: chigamulo chikagwira ntchito lero, kenako apilo n'kupambana, kodi zowonongekazo zingabwezedwe? Pa mlandu wa ndalama yankho limakhala losavuta, ndalama zimabwezedwa. Malo ndi ena. Khoti la Supreme linanena kale mu 1987, pa mlandu wa Mundanda, kuti ndalama sizingalowe bwinobwino m'malo mwa malo amene munthu wataya. Izi zimathandiza wopempha, koma asadalire mawu okhawo. Asonyeze chimene chili pamalopo: nyumba zingati, za njerwa zootcha kapena za zidina, mukhala anthu angati, pali manda a makolo kapena ayi, mitengo ya mango ya zaka zingati, dimba lokhala ndi chitsime, chigafa cha fodya, mbewu zimene zili m'munda ndi malima ake angati. Nyumba yogwetsedwa ikhoza kuwerengedwa mtengo, koma manda olimidwa ndi thirakitala alibe mtengo. Koposa zonse, ngati pali umboni wakuti wopambana wayamba kale kudula mapuloti kapena kukambirana ndi ogula, zimenezo zinenedwe, chifukwa malo akagwera m'manja mwa anthu khumi achilendo apilo imasanduka yopanda pake ngakhale itapambana.

Kenako woweruza amayeza mbali zonse ziwiri. Wopambana nayenso ali ndi ana ofuna nsima. Ngati wogonja ali ndi minda ina ndipo wamkanganowo amangoubwereketsa kwa alimi a soya, kulira kwake sikulemera ngati kwa amene mundawo ndi wokhawo womudyetsa. Amaonanso khalidwe la wopempha: amene wakhala chete miyezi 6 n'kuthamangira kukhoti tsiku limene wamva kuti mabelifi akubwera amakhala ndi ntchito yofotokoza kumene anali.

Mapepala ndi ndondomeko yake

Choyamba pezani chigamulo cholembedwa, chosindikizidwa chidindo. Masiku 30 aja amayamba kuwerengedwa pa tsiku la chigamulo, osati tsiku limene mwalandira pepala, choncho ngati kulemba kukuchedwa, lembetsani apilo osadikira. Akadutsa masikuwo muyenera kuyamba mwapempha chilolezo chochita apilo mochedwa, ndipo sitei yopanda apilo kapena pempho lina lamoyo imene yatsamirapo kawirikawiri siima.

Pempho la sitei ku High Court limakhala ndi samoni yoitana mbali inayo, chikalata cha lumbiro chotchedwa afidaviti, ndi mfundo za malamulo zolembedwa mwachidule. Mtima wa pempho lonse ndi afidaviti. Ndi umboni wolumbirira pamaso pa munthu wololedwa kulumbiritsa, ndipo kunamamo ndi mlandu. Muikemo tsiku la chigamulo, tsiku la apilo, zifukwa za apilo, zimene zili pamalopo, ndi chimene chikusonyeza kuti kutulutsidwa kwayandikira. Mulumikizepo kope la chigamulo, kope la apilo, zithunzi, kalata ya mfumu ngati ilipo, ndi satifiketi ya malo a makolo ngati dera lanu lili nazo, monga zimene bungwe la Chipata District Land Alliance linathandiza kupereka kwa Mfumu Mkanda, Mnukwa, Maguya ndi Mshawa. Satifiketi yotere si taitolo, chikalata cha boma cha umwini wa malo, koma ndi umboni wabwino wa malire ndi wa amene mfumu inamuzindikira.

Zinthu zikakhala zachangu, khoti likhoza kumva wopempha yekha n'kupereka sitei ya kanthawi mbali inayo isanaitanidwe. Iyi ndi ya masiku ochepa chabe, mpaka tsiku limene onse awiri adzamvedwe, ndipo patsikulo ikhoza kutsimikizidwa kapena kuchotsedwa. Amene amapempha ali yekha ali ndi udindo wonena zonse, ngakhale zomuipira. Akabisa kuti anapatsidwa kale malo ena ndi mfumu, kapena kuti anavomera kutuluka akakolola, siteiyo imachotsedwa zikadziwika.

Pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene chagwetsetsa nyumba zambiri: lamulo lasainidwa, munthu walipinda n'kuliika m'chikwama, wakwera basi kubwerera kumudzi. Belifi amene sanalandire lamulolo amagwira ntchito ndi chikalata chimene ali nacho. Tsiku lomwelo kope lifike ku ofesi ya Sheriff ndi kwa wopambana kapena loya wake, ndipo olandira asaine. Ndi nzeru kupatsanso apolisi apafupi, mfumu ya mudzi ndi kunyumba ya mfumu yaikulu. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Board, ofesi yake ilipo ku Chipata, ndipo apite sabata yoyamba, osati ya chinayi.

Zigamulo zimene sizingaimitsidwe

Si chigamulo chilichonse chili ndi choimitsa. Tinene kuti inu ndi amene munasuma kuti mnansi walowa m'munda wanu, khoti n'kutaya mlandu wanu. Palibe chimene lalamula kuti chichitike, ndiye palibe chimene sitei ingagwire. Khoti la Supreme linafotokoza mfundo imeneyi mu 2016 pa mlandu wa Zambia Revenue Authority ndi Post Newspapers. Wofuna kuteteza malo pamenepa amapempha injakishoni yodikira apilo.

Chimodzimodzi ngati mabelifi abwera kale, anthu atulutsidwa, wopambana walowa. Madzi akatayika saoleka. Sitei imaletsa zimene zisanachitike, siibweza zochitika. Chotsala ndi kupempha kuti kutulutsako kuthetsedwe ngati kunachitika mosatsata malamulo, kapena kudikira apilo. Kubwerera usiku m'nyumba imene belifi wakutulutsani ndi kudziitanira mlandu wina.

Nanga chaka chino alime ndani?

Ili ndi funso limene mapepala a maloya amaliiwala kawirikawiri, koma kumudzi ndi limene limatulutsa nkhwangwa. Khoti limayenda ndi kalendala yake, munda umayenda ndi mvula. Apilo ya ku Court of Appeal imafuna kuti buku lonse la mlandu likonzedwe ndi kuperekedwa m'masiku 60, kenako kudikira tsiku lomvedwa, kenako chigamulo. M'kati mwa nthawi imeneyo munda udzalimidwa ndi kukololedwa, mwina kangapo.

Lamulo longonena kuti "chigamulo chaimitsidwa mpaka apilo itamvedwa" limasiya zinthu mmene zinalili, kutanthauza kuti amene ali m'mundamo akhalamo. Koma mmene zinalili ndi mmene aliyense amazionera mwake. Wina amati ndinalima chaka chatha, wina amati chaka chathacho munalima mondilanda. Ngati munda unali wogonera, onse awiri amathamangira kukagalauza kuti aoneke ngati ndiwo ali m'kati. Mbewu za wina zimazulidwa, ng'ombe zimalowetsedwa dala m'nshawa, ndipo mlandu wa malo umabala mlandu wovulaza.

Woweruza ali ndi mphamvu yoika zoyenera kutsatira pa sitei, ndipo mbali zonse ziwiri zimapindula zikapempha kuti zilembedwe momveka. Zinenedwe kuti alime ndani ndipo mbali iti, potchula zizindikiro zimene anthu a pamudzi amazidziwa, monga chulu, mtsinje, mzere wa nkhadze kapena mtengo wa msuku. Zinenedwe kuti mbewu zololedwa ndi za chaka chimodzi, chimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, osati kubzala mitengo kapena nthochi. Pasamangidwe nyumba yatsopano, pasaumbidwe njerwa, pasaotchedwe makala, pasagulitsidwe kapena kubwereketsa gawo lililonse. Nkhani ya maliro nayo ikhudzidwe ngati pamalopo pali manda, chifukwa imfa siidikira apilo, ndipo kuika munthu pamalo a mkangano ena amakutenga ngati kukhomerera chikhomo. Khoti likhozanso kulamula wopempha kusungitsa ndalama kukhoti ngati chikole, kapena kuimitsa mbali imodzi yokha ya chigamulo: kugwetsa nyumba kuime, koma munda wa kutsidya uperekedwe. Nthawi zina chimene banja likufunadi si apilo konse, koma nthawi yoti likolole mu Meyi kapena Juni lisanatuluke. Zimenezo zikhoza kupemphedwa mwachindunji, kapena kugwirizana n'kukalembetsa kukhoti, ndipo n'zotsika mtengo kuposa apilo yopanda mutu.

Wopambana amene wapatsidwa lamulo la sitei n'kulinyoza, kukagwetsa nyumba ndi anyamata ake, wanyoza khoti, ndipo chilango chake chikhoza kukhala faindi kapena ndende. Ngakhale popanda sitei, chigamulo sichimupatsa mphamvu yotulutsa anthu yekha. Imeneyo ndi ntchito ya mabelifi. Wogonja naye akatenga sitei ngati chilolezo chokulitsa munda kapena kumanga, wapatsa mnzake chifukwa chokapempha kuti ichotsedwe.

Ngozi ya taitolo mlandu uli m'kati

Malo a makolo alibe kaundula wa boma, ndipo apa pali khomo limene sitei yolembedwa mosasamala imalisiya lotsegula. Lamulo la malo la 1995 limazindikira umwini wa mwambo, komanso limalola kuti malo otere asinthidwe kukhala a lizi ya zaka 99, mfumu ikavomera, khonsolo ikavomereza, mkulu wa boma woona za malo, Commissioner of Lands, n'kupereka. Kuzungulira Chipata, imene inakhala mzinda mu 2017, ndiponso pafupi ndi maboma atsopano monga Kasenengwa ndi Chipangali, malo a m'mbali mwa msewu akusanduka mapuloti mofulumira. Munthu amene ali ndi chigamulo m'manja akhoza kupita nacho kwa mfumu ndi kukhonsolo n'kuyamba kutenga taitolo apilo ili m'njira, chifukwa sitei inaimitsa mabelifi, osati maofesi amenewa.

Taitolo ikatuluka mlandu umasintha nkhope. Lamulo la kaundula wa malo limaitenga ngati umboni wotsimikiza umwini, ndipo kuifafaniza kumafuna kusonyeza chinyengo kapena kulakwika kwa ndondomeko. N'zotheka, popeza lamulo la 1995 lomwelo limafuna kuti aliyense amene malowo akumukhudza afunsidwe asanaperekedwe, ndipo makhoti anafafanizapo mataitolo pa chifukwa chimenechi. Koma umenewo ndi mlandu wina, wautali ndi wodula, umene lokolo khoti silingaukhudze. Choncho wopempha sitei apemphenso chiletso cha kusintha kapena kugulitsa malowo, ndipo alembere mfumu, khonsolo ndi ofesi ya malo ya chigawo, atalumikizapo kope la lamulo la khoti. Ngati taitolo inatuluka kale, pali chenjezo lotchedwa kaviyati limene limalembetsedwa ku kaundula wa malo kuti malowo asasinthe dzina. Pa malo amene akadali a makolo kaviyati ilibe pokhala, chifukwa palibe nambala ya puloti yoti ilembedwepo.

Sitei imatha liti

Imatha pa tsiku limene lalembedwamo, kapena apilo ikagamulidwa. Imathanso wopempha akaphwanya zimene anauzidwa, kapena akagona pa apilo yake. Amene watenga sitei n'kusiya kukonza mapepala a apilo, poganiza kuti nkhani yatha, mnzake akhoza kupempha kuti apiloyo itayidwe chifukwa chosaiyendetsa, ndipo ikatayidwa siteiyo imagwa nayo limodzi. Chigamulo choyamba chija chimadzuka chonse, pamodzi ndi zolipira za apilo zimene kawirikawiri zimagwera wogonja. Apilo ikapambana, khoti lapamwamba likhoza kupereka malowo kwa wochita apilo, kapena kubweza mlandu kuti ukamvedwenso ndi woweruza wina. Zikatero palibenso chigamulo choti chiimitsidwe, ndipo amene akufuna kuti malire ndi mbewu zitetezedwe pamene mlandu ukuyambiranso ayenera kupempha injakishoni yatsopano.